Tsiku Limene Ndinaphika Ndowe za Njovu

Ntchito ija sindinaipemphe. Anandipezera ndi amalume anga a Chulu, amene ankanyamula katundu wa agemu, asilikali olondera nyama zakutchire, akamapita ku patirolo. Anafika kumudzi kwathu, kufupi ndi mtsinje wa Lupande, panjinga yobwereka, n'kundipeza ndikumanga nkhokwe. Nthawi imeneyo tsidya lija linali lisanatchedwe paki, tinkangoti ku gemu rizevu.

"Mphwanga, siya zimenezo. Ku kampu akufuna munthu wolera mwana."

"Mwana wa ndani?"

"Wa boma."

Ndinali nditangokwatira, mkazi wanga Esinati ali ndi khanda kumbuyo. Ndinasiya nkhokwe ili pakati.

Mwana wa bomayo anali njovu. Mayi ake anawomberedwa atazolowera kudya mapira m'minda ya anthu, ndiye mwanayo anam'peza akuzungulira mtembo, mwendo wakutsogolo utadyeka ndi waya wa msampha. Kutalika ankandifika mumchombo. Udzu anali atayamba kutola, koma anali adakali wa mkaka. Bwana wa kampu, mzungu, anam'patsa dzina lachizungu limene lilime langa linakana. Ine ndinkangoti Masiye.

Ndinali ndisanalerepo ngakhale thole. Kuno kuchigwa ng'ombe zimatha ndi ntchentche zoluma za kashembe, ungaphunzire pati?

Chimene amalume sanandiuze ndinachimva kwa azimayi a pakampu potunga madzi. Ine ndisanabwere kunali wina, Misheki, amene ankalera mwana wa njati. Njatiyo itafa anati waipha dala kuti adye nyama. Anamukweza lole ali m'maunyolo, wa ku Chipata. Ndinafunsa kuti nanga nyamayo anadya ndani? Azimayiwo anangoseka n'kusenza zidebe zawo.

Wondiyang'anira anali a Kopolo Sakala, munthu wamfupi, wosaseka, wa nsapato zowala ngati akupita ku ukwati. Tsiku loyamba anandiimika pakhomo la khola n'kunena mawu ochepa.

"Iyi ndi nyama ya boma. Ikakula ndi ya boma. Ikafa ndi yako."

Ndiye ndinadziwa pamene ndaponda.

Ntchito yake inali iyi. Khola linali la mitengo ya mupani, lofolera mbali imodzi. Mkaka unali waufa, wa m'zitini zazikulu. Umawiritsa madzi, n'kuwasiya azizire, n'kusungunula mkakawo ndi kaphala kamadzimadzi ka mpunga. Umathira m'botolo lalikulu lokhala ndi nsonga ya labala, n'kudonthezera pamkono pako kuti umve kutentha. Ukapereka wozizira akana, wotentha akumenya ndi mutu. Ndipo samayamwa chabe ayi. Umapachika bulangete pamtanda, iwe n'kuima kuseri, iye n'kutsamiritsa chitamba pabulangetepo ngati ndi thupi la mayi ake, ndiye botolo umalowetsa chapansi. Ukatha apo umakadula nthambi zanthete ndi udzu wa kudambo, masana n'kumupaka matope kuti dzuwa lisang'ambe khungu.

Bala ndinkatsuka ndi madzi a mchere n'kupaka mankhwala ofiirira aja. Dokotala wa nyama anabwera kamodzi kokha pa landirova, anayang'ana mwendo, n'kusiya chitini cha makapisozi. Ndinkawatsegula n'kuthira ufa wake mumkaka, m'mawa, masana ndi madzulo. Loti ndisiye liti, palibe anandiuza.

Ndipo panali lamulo la Bwana, limene analinena atandiloza ndi chala pamphuno, asanapite ku livi kukapuma.

"Wiritsa chilichonse. Botolo, labala, chikho, nsalu. Ndowe ikagwa, chotsa pomwepo."

Ndiye ndinkawiritsa. Ndinkasesa. Pansi ndinkathira mankhwala onunkha a m'chimbudzi aja mpaka maso kuwawa. Khola la Masiye linali loyera kuposa nyumba imene mkazi wanga ankagonamo.

Mwendo unapola bwinobwino. Koma mimba inayamba zake.

Choyamba chinali phokoso. Akangoyamwa, m'mimba munkalira ngati mtsuko wa mowa umene ukuwira. Kenako mimba inkafufuma, ukaimenya ndi chikhatho n'kumveka ngati ng'oma. Kuphwisa kwake, ntchentche zomwe zinkathawa. Ndowe zinasiya kukhala ndowe, zinasanduka madzi otuwa a thovu, onunkha chowawasa, udzu ukutuluka wathunthu monga unalowera. Njala anali nayo, botolo ankalimbirana nane, koma thupi linkapita. Masaya analowa. Mafupa a m'chiuno anatuluka. Mimba yokha ndiyo inkakula.

Ine ndinaganiza kuti matenda akula, ndiye makapisozi ndinapitiriza. Ndani akanaganiza zina? Mankhwala ndi mankhwala.

Apa ndiye pakampu panayamba kununkha china. A Kopolo anayamba kubwera m'mawa uliwonse, osapereka moni, n'kutsegula chitini cha mkaka, kusuzumira, kutseka. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Khanda lako likunenepa, eti?"  Mwana wanga ankayamwa bere la mayi ake, mkaka wa njovu akanautani? Azimayi akamadutsa pakhola ankachepetsa liwiro n'kumuyang'ana Masiye monga amayang'anira mbuzi ya pamaliro. Ndipo mkazi wa a Kopolo anamanga thandala latsopano kuseri kwa nyumba, lalitali, loyanikapo nyama. Pakampu panalibe nyama ina iliyonse imene ankayembekeza. Muganize nokha.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la m'chilimwe, mvula isanagwe, pamene nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa. M'mawa Masiye anakana kudzuka. Ndinamukankha ndi phewa mpaka anaima, miyendo ikunjenjemera. A Kopolo anamuyang'ana n'kupita ku kanyumba ka wayalesi ya ovaova. Anatseka chitseko. Ndinkangomva kukhwekhwereza. Atatuluka anabwera molunjika kwa ine.

"Makapisozi usiye lero lomwe. Mkaka uchepetse ufa. Tenga baketi, tikatape ndowe za njovu yoyamwitsa, zotentha. Ukam'patse."

"Ndikam'patse atani nazo?"

"Adye."

"A Kopolo, mwati bwanji?"

"Adokotala atero. Uli ndi makutu?"

Ndowe za njovu ife timazidziwa. Zouma timafukiza pothamangitsa udzudzu. Koma kudyetsa mwana wodwala matuvi? Kwathu munthu wothira zimenezo m'chakudya cha mnzake timam'dziwa dzina lake, ndipo sagona m'mudzi. Ndiponso dokotalayo ndinamumva ine? Ayi. Chitseko chinali chotseka. Ndinaona zonse poyera: ndisiye mankhwala, ndim'dyetse zonyansa ndi dzanja langa anthu akuona, afe, Bwana akabwera a Kopolo anene kuti wayalesi sinanene zimenezo. Lole ya ku Chipata kwa ine, thandala kwa iwo.

Ndinathamangira kwa amalume. Anali pansi pa mtengo akusoka nsapato.

"Amalume, mwandigulitsa."

"Khala pansi, usakuwe."

Nditawafotokozera anati, "Ukakana, akuti wakana lamulo. Pita. Koma uziyenda kumbuyo kwa Kopoloyo, osati kutsogolo."

Malangizo a munthu amene anandiponya m'dzenjemo ndi amenewo.

Tinapita awiri, a Kopolo ndi mfuti, ine ndi baketi. Ulendo woyamba sunavute. Njovu zinali zitangomwa madzi pamchenga wa Lupande n'kukwera kumtunda. A Kopolo anandionetsa mapazi aakulu ndi ting'onoting'ono pambali pake, n'kuponda ndowe imodzi. Inali ikufuka. Ndinatapa ndi manja, n'kuvundikira ndi masamba kuti isazizire. Cha m'ma teni tinali titabwerera.

"Sungunula pang'ono ndi madzi um'patse," anatero, n'kupita kukavula nsapato.

Ndinatsala ndekha ndi baketi. Ndinaiyang'ana. Munali timphutsi, tizikumbu, ndi zina zimene sindinazidziwe. Ndani akudziwa chimene munthu angawazemo iwe utayang'ana kumbali? Ndiye ndinakumbuka chala cha Bwana pamphuno panga. Wiritsa chilichonse. Lamulo limenelo ndinalimva ndi makutu anga, osati kuseri kwa chitseko. Ndinati ngati muli poizoni moto uthana naye, ndipo Bwana akadzafunsa ndidzati ndinatsata mawu anu.

Ndinakhuthulira mumphika wa phala, n'kuthira madzi, n'kukoleza moto.

Fungo lake linafika pakampu ponse. Azimayi anatuluka atagwira mphuno. A Kopolo anabwera akuthamanga opanda nsapato, koyamba kuona zala zawo za kumapazi.

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikuwiritsa."

"Waphika ndowe? Iwe Yotamu, waphika ndowe?"

"Lamulo la Bwana."

Anamenya mphikawo ndi phazi, n'kupsa, n'kuyamba kudumpha ndi mwendo umodzi akunditukwana m'Chinyanja ndi m'Chizungu. Ine ndinawabwezera m'Chikunda, chiyankhulo chathu, kuti azimayi amve bwino. Ndinanena zonse. Za chitini cha mkaka, za khanda langa, za thandala, za Misheki. Ndinati mukufuna nyama nenani, musandipachike ine. Amalume anandigwira malaya kumbuyo, ndinawakutumula.

A Kopolo anakhala pachitsa atagwira phazi lawo. Atayankhula, mawu anali otsika.

"Chitsiru iwe. Ikafa iyi, iwe akumanga, ine andivula yunifomu. Ukuganiza ndimagona?"

"Nanga bwanji mukufuna adye zonyansa?"

Apa ndi pamene anandiuza zimene akanandiuza m'mawa muja. Anati dokotala wanena kuti m'mimba mwa nyama iliyonse muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, ndipo si tonse toipa. Tina ndi eni mudzi, ndito timagaya udzu, popanda ito njovu singakhute ngakhale idye dambo lonse. Makapisozi aja anapha tizilombo ta pabala, inde, koma sanasankhe, anapha ndi eni mudzi omwe, chifukwa tinam'patsa nthawi yaitali. Ndiye toipa totsala tinaswana, n'kukwera mpaka m'matumbo aang'ono, mmene simuyenera kukhala tambiri. Mkaka ukangofika, ito ndito timayamba kudya, n'kuuwiritsa ngati mowa. Mpweya uja ndi umenewo. Kutsegula kuja ndi kumeneko. Mwana akuyamwa, koma akudyetsa alendo.

"Munda ukaupsereza n'kuusiya osabzala, chimamera n'chiyani?" anandifunsa.

"Zitsamba."

"Ndiye ndowe ija inali mbewu. Kutchire mwana amatola yekha kwa mayi ake. Iwe waikazinga mbewu."

Mpaka lero ndimakana kuti mlandu unali wanga. Miyezi yonse ija mukundiuza kuti wiritsa, wiritsa, ndiye tsiku limodzi mutembenuke osanena chifukwa? Munthu si wilibala yoti ungoikankha. Koma kukangana kunalibe nthawi. Masiye anali atagonanso, mimba ili m'mwamba, akupuma ndi kukamwa.

Tinabwerera dzuwa lili pamutu. Amene amadziwa njovu akudziwa kuti imeneyo si nthawi yake. Sizikuyenda, zaima mumthunzi, ana ali pakati pa miyendo, ndowe zili pamapazi pawo pomwepo. Ndipo mphepo ya masana ilibe mbali, imazungulira ngati woledzera. Tinazipeza pansi pa misikizi. A Kopolo anatulutsa kansalu ka phulusa, n'kukagwedeza, n'kuona kumene phulusa likupita. Tinazungulira. Anagwedezanso. Tinagwada kuseri kwa chulu, kashembe akutiboola misana, osatha n'kumupha komwe.

Anandilozera yaikazi ina ya nyanga imodzi. Mabere anali odzaza pakati pa miyendo yakutsogolo, kamwana kali pambali. Tinadikira mpaka mawondo anafa dzanzi. Kenako inakweza mchira, n'kugwetsa, n'kusuntha pang'ono kupita ku mtengo wina.

"Pita," ananong'ona a Kopolo.

"Pitani inu."

"Mfuti agwire ndani? Iwe?"

Ndiye ndinapezeka kutsogolo, iwo kumbuyo, ndendende zimene amalume anandiletsa. Ndinakwawa ndi baketi m'dzanja, nditakulunga chogwirira ndi malaya kuti chisalire. Ndinafika. Ndinatapa kamodzi, kawiri, ndowe ikutentha m'manja ngati mbatata yootcha. Ndiye ndinamva mphepo ikundiomba pakhosi, kumbuyo. Mphepo yatembenuka.

Njovu ija inakweza chitamba. Inatembenuka thupi lonse, makutu n'kutambasula, n'kulira kulira kumene ndinakumva m'mano. Inabwera, fumbi kobo. Kumbuyo kwanga ndinamva chitsulo cha mfuti chikukhetemuka.

"Usathawe. Ukathawa ndikuombera ndine."

Mfuti ija inaloza njovu kapena msana wanga, sindinacheuke, ndiye sindidziwa. Ndinangogwada pomwepo nditakumbatira baketi ya matuvi ngati mwana wanga. Njovu inaima pafupi moti ndinaona nsidze zake. Inapukusa mutu, makutu n'kuomba ngati chikumba, inandiwaza mchenga, kenako inabwerera chambuyo kukatsekereza mwana wake. A Kopolo anayamba kuyankhula nayo pang'onopang'ono, monga umachitira ndi apongozi okwiya: "Pepani amayi, tikupita, pepani." Ndinabwerera chokwawa chambuyo mpaka pachulu. Kabudula wanga anali wonyowa, ndipo silinali thukuta lokha.

Titafika pakampu anthu onse anali pakhola. Masiye anali ataimitsidwa ndi amalume, atatsamira mtanda. Ndinaika baketi pansi. Mantha anali atachoka, ukali utabwerera.

"A Kopolo, yambani ndinu. Ndi dzanja lanu, anthu aone."

"Wolera ndiwe."

"Womva wayalesi ndinu."

"Ukundilamula ine?"

"Ndikuti dzanja lanu. Akafa, tikakwere lole tonse awiri."

Tinayandikirana mpaka mabatani a yunifomu yawo anandikhudza. Amalume ankati, "Mphwanga, mphwanga," palibe amene ankawamva. Ndiye mayi wina anakuwa kuti, "Taonani uko, inu!"

Masiye anali atatulutsa chitamba pakati pa mitengo ya khola. Chinkanjenjemera, chikufufuza m'mwamba, kenako chinatsika n'kulowa m'baketi. Ananunkhiza nthawi yaitali. Analira pang'ono cham'mimba, kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndiye anatapa, n'kuika m'kamwa, n'kutafuna. Anatapanso. Nyama imene inakana nthambi zanthete m'mawa womwewo.

Palibe dzanja la munthu limene linam'dyetsa. Ine ndi a Kopolo tinangotsala titaima pamenepo ngati atambala onyowa.

Musaganize kuti anachira tsiku lomwelo. Zimenezo ndi za m'nthano. Anapitiriza kutsegula, ndipo ine ndinapitiriza kugona ndi nsapato pafupi, kuti zikavuta ndiolokere kwa abale a mayi anga. M'mawa uliwonse tinkapita kukatapa zatsopano, nthawi yozizira, njovu zikachoka pamadzi. Mkaka ndinkasungunula wopepuka, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Botolo ndi labala ndinkawiritsabe, zimenezo sizinasinthe, koma mankhwala onunkha aja pansi ndinasiya. Phokoso la m'mimba linayamba kuchepa. Ng'oma ija inafewa. Ndowe zinachoka pa madzi kufika pa phala, udzu ukutuluka wogayika.

Ndiye m'mawa wina ndikusesa ndinamva kuti phu kumbuyo kwanga. Ndinacheuka. Mpira. Wozungulira, wolimba, wofuka, wonunkha ngati njovu yeniyeni. Ndinautola pafosholo osauphwanya, n'kuyenda nawo pakati pa kampu. Agemu anali pa pelete, ataima mzere. Ndinadutsa kutsogolo kwawo n'kuutula pamapazi pa a Kopolo, pafupi ndi nsapato zowala zija.

"Kauzeni boma kuti mwana wawo wanya bwino."

Mzere wonse unagwira pakamwa. A Kopolo anawerama, anauswa ndi chala, anayang'ana m'kati, ananunkhiza. Ndinkadikira mawu amodzi okha abwino. Anadzuka n'kupukuta chala pa kabudula wanga.

"Mawa baketi ina."

Ndiye zikomo wake ameneyo. Bwana atabwera ku livi anauzidwa kuti panali vuto pang'ono la m'mimba koma latha. Mvula itadutsa, Masiye anamukweza lole kupita ku malo ena kumene ankasunga ana a nyama, ali wonenepa, akukankha anthu. Ine ntchito inathera pomwepo. Ndinabwerera kumudzi ndi miyendo yanga, manja ali omasuka.

A Kopolo sindinawakhulupirire mpaka tinasiyana, ndipo sindikupepesa. Munthu angathe kunena zoona tsiku limodzi n'kukhalabe woti uzimuyang'anitsitsa.

Chimene ndinatenga pantchito ija ndi ichi. Munthu akandituma chinthu, ndimafunsa chifukwa ndisananyamule baketi. Mabwana ena anandichotsa ntchito chifukwa cha funso limenelo. Achotse. Ndipo makapisozi ndimawaopa monga ndimaopera mfuti: amagwira ntchito, koma sasankha. Masiku ano ndimaona anthu pa Jumbe akugula awiriawiri patebulo la m'mbali mwa msewu, mimba ikangolira pang'ono, ati tikutsuka m'mimba. Kutsuka chiyani? Mpongozi wanga anamwa otero mwezi wathunthu, mimba n'kufufuma, iye n'kumawonjezera ena. Ndinamulanda n'kuponya m'chimbudzi, ndinamukweza panjinga mpaka ku chipatala cha ku Mambwe, akunditukwana njira yonse. Sindikuti munthu akadye ndowe, musakhale zitsiru, imeneyo ndi njira ya njovu. Ndikuti mankhwala akupatseni amene anaphunzira, ndipo mum'funse tsiku losiya. Akapanda kukuuzani, musachoke pakhomo pake.

M'mimba si mumphika moti muzikwecha mpaka muwale. Muli eni ake. Ine ndinawaphapo kawiri, koyamba ndi makapisozi, kachiwiri ndi moto, ndipo konseko ndinali ndikutsata lamulo.